Tsiku Limene Linah Anabwereka Dzina

Munthuyo analowa m'kalasi monga umalowera mthunzi wa mtambo m'munda, wopanda odi, wopanda kunena chimene wadzera. Linah anali atangolemba mawu atatu pabolodi, choko chikadali m'manja. Atacheuka anaona bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo, atavala jekete yakuda m'kutentha konse kwa Seputembala, nsapato zikuwala ngati sizinapondepo fumbi la msewu wa ku Kapichila.

"Monile mose," anapereka moni bamboyo m'Chitumbuka.

"Yewo, adada!" anayankha ana a Giredi 7, koma maso awo onse anali kwa Linah.

"Pitilizani, aphunzitsi. Ine ndine Jones. Ndingokhala kumbuyo kuno."

Anakhala pabenchi yomalizira, natulutsa kabuku ndi cholembera m'thumba la jekete.

 Kalasi imeneyi sinali ya Linah. Mwini wake anali mkulu wake, Cathrine, amene anali atagona milungu isanu m'chipatala ku boma chifukwa pakati panavuta. Kalata yopempha tchuthi inapita koma yankho linali lisanabwere. Mayeso anali pakhomo, ndipo pasukulupo panalibe wina wophunzitsa Chingelezi. Ndiye aphunzitsi aakulu anaitana Linah, amene anamaliza Giredi 12 koma analibe pepala lauphunzitsi, namunong'oneza kuti, "Gwilila kalasi ya mkulu wako. Kukabwela alendo, dzina lako ndiwe Cathrine." Ana nawo anauzidwa zomwezo. Chinsinsichi chikanaululika, Cathrine akanachotsedwa ntchito ali chigonere, mwana asanabadwe n'komwe.

Tsikulo aphunzitsi aakulu anali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Ndipo ndani sadziwa kabweredwe ka oyendera sukulu? Sanena tsiku. Amakhala kumbuyo. Amalemba.

Linah anakumbukira Haswell, mnyamata wake wolondera nyama ku Lukusuzi, amene anamuuza tsiku lina kuti ukakumana ndi njovu usathawe, uime, uyambe waona kumene ikupita mphepo. Haswell yemweyo ankati mvula ikagwa atumiza mawu kwa makolo a Linah, kungoti bambo ake a ku Mphamba anali ovuta. "Adada sakhulupilila zakumva," ankatero akuseka. "Ngakhale ng'ombe sagula asanaiyang'ane m'kamwa." Linah anaima monga anaphunzitsidwira, koma miyendo inkafuna kuthawa yokha.

"Mneni wathu wa lelo ndi uyu," anatero, akuloza pabolodi. Mawu ake anatuluka opyapyala ngati a munthu wina. "Hide, hid, hidden. Tanthauzo lake ndi kubisa chinthu, kapena kubisala iwe mwini. Ndi mneni wamakani. Anzake ukafuna kunena zadzulo umangowamangilila kamchila kumapeto, koma uyu amakana, amasintha nkhope. Lelo hide. Dzulo hid. Ukati ndabisa kale, I have hidden."

Cholembera cha mlendo chinayenda. Linah ankachimva kukanda pepala ngati khoswe padenga.

Iye anali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Ankatola kamwala kosalala, ana n'kumapatsirana kunsi kwa madesiki uku akuimba mawu atatuwo ndi kuponda pansi. Akaomba m'manja nyimbo inkaima, ndipo amene wapezeka ndi kamwalako ankapanga chiganizo. Mphunzitsi wa ku koleji akanachita zimenezi? Sanadziwe. Koma ana anali atayamba kale kuponda, fumbi likukwera m'kuwala kwa pawindo.

Anaomba m'manja. Kalasi yonse inati zii. Kumbuyo kuja mlendo anatambasula dzanja lake lalikulu, ndipo kamwala kanali pachikhatho.

Ana ena anabisa nkhope m'mabuku, mapewa akugwedera ndi chiseko. Linah anafuna nthaka itseguke.

"Lamulo likuti bwanji?" anafunsa bamboyo osamwetulira.

"Mupange chiganizo, adada," anatero Eneless, kamtsikana ka pabenchi yakutsogolo kamene pakamwa pake sipankapuma.

"Ine lilime ndi lolemela. Ndipangile iwe."

Eneless anaimirira, nawongola diresi, nanena mokweza ndi monyada: "Madam Linah hid the stone yesterday."

Chiganizocho chinali chokhoza. Koma palibe anaomba m'manja. Eneless anazindikira mochedwa, nagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kunja kunalira njiwa. Mlendo analemba kanthu, kenako anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Kodi dzina lanu ndani, aphunzitsi?"

"Cathrine."

"Okwatiwa?"

"Inde."

"Nanga mwanayu wati Linah?"

"Wasokoneza ndi mng'ono wanga. Timafanana."

"Oho. Mng'ono wanuyo ali kuti?"

"Ali kudimba." 

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe ukali, ndipo zimenezo zinamuopsa Linah koposa. Kenako anatseka kabuku, naika kamwala padesiki mosamala ngati dzira.

"Ine ndinauzidwa kuti Linah ndikam'peza m'kalasi muno," anatero. "Ndiye kuti amene anandiuzayo ndi wabodza. Ndikam'funsa bwino. Tsalani, ana."

Anatuluka.

Linah anatsala chiimire. Ndiye kuti wina anakanena. Munthuyu anabwera akudziwa kale dzina, ndipo iye wamunamiza pamaso pa ana makumi anayi. Tsopano apita kudimba, sakapeza Linah. Apita kuchipatala, akapeza Cathrine ali pabedi, pamene kabuku kake kakuti Cathrine anali m'kalasi. Bodza limene amati litchinjirize mkulu wake ndi lomwe likamugwere pamutu.

"Madamu, pepani," analira Eneless.

Linah anaponya choko, nathamanga.

Anam'peza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, atawerama. Linah anagwada patali pang'ono, mawondo ali m'fumbi lotentha.

"Adada, ndakunamizani. Linah ndine."

Bamboyo anaweramuka.

"Cathrine ali m'chipatala. Sananditume iye, sanafune n'komwe. Ana akulemba mayeso mwezi wamawa ndipo analibe munthu. Pepala ndilibe, n'zoona. Ngati pali womangidwa, mangani ine. Lembani dzina langa m'bukumo, lake mufufute. Mwana wake akabadwa adzadya chiyani?"

"Mwathamanga mtunda wonsewu kudzadzipeleka nokha?"

"Inde."

"Simukuopa?"

"Ndikuopa kwambili."

Bamboyo anapumira m'mwamba. Anatulutsa kabuku kaja, nakatsegula, nakatambasulira kwa iye. Linah anakalandira ndi manja awiri. Ankayembekeza kuona dzina la mkulu wake, tsiku, ndi mlandu. Koma patsambapo panali zilembo zikuluzikulu zopendama, zolembedwa mokanikiza mpaka kuboola pepala. Mawu atatu a pabolodi aja anali atakoperedwa kanayi, ndipo m'munsi mwake munali kuti: lelo, dzulo, kale.

"Ine sukulu ndinalekeza Giledi 4," anatero bamboyo. "Ndinaona kuti ndi zaulele, ndati nditengeko."

Pamenepo ndi pamene Linah anaona chimene bamboyo anaweramira. Inali njinga yakale yakapalasa, yomangidwa chingwe cha fodya pachonyamulira, ndipo pachogwirira panalendewera kansanza kopukutira nsapato. Woyendera sukulu uti amabwera panjinga yotere?

"Si inu a ku boma?"

"Boma langa ndi munda wa fodya. Jekete iyi ndi ya kutchalitchi." Anapukuta chipumi. "Za mkulu wanu sizituluka pakamwa panga. Komabe muuze aphunzitsi aakulu apite okha akakonze nkhaniyi poyela. Ana aja mwawasenzetsa katundu wolemela. Kamtsikana kaja kakulila chifukwa chonena zoona."

Linah anagwetsa nkhope. Manyazi anamutentha kuposa fumbi.

"Mutati ndinu Cathrine, mtima wanga unagwa," anapitiriza bamboyo. "Ndimati ndikafika kunyumba ndinene kuti uyu ayi, amanama osaphethila. Ndinadziwa kuti ndinu. Chithunzi chanu ndinachiona pafoni, mwini wake akuganiza kuti ndikuwodzela. Koma munthu wonama kuti apulumutse mnzake, n'kubwelelanso kudzasenza yekha mlanduwo, ameneyo angathe kusunga mudzi."

Linah anadzutsa nkhope, namuyang'anitsitsa bamboyo.

"Mwambo sulola kuti ndibwele ndekha chonchi," anatero akukwera njinga. "Zimenezi ndi za ankhoswe, ndipo abwela mvula ikagwa. Ndiye inu mubise zanga, ine ndibisa zanu. Amayi ake akamva kuti ndinakhala pabenchi ya ana n'kugwidwa ndi kamwala, sindidzapuma."

Linah anakumbukira ng'ombe yoyang'anidwa m'kamwa. Anakumbukiranso kuti munthu ameneyu wamuyang'ana m'maso m'mawa wonse, wamuimira pamaso, wamunamiza kuti ndi wokwatiwa, munthu amene mkazi wolemekezeka amamupatukira panjira. Anakokera mpango kumaso, natembenukira kumbali ali chigwadire.

"Nanga dzina lija la Jones?" anafunsa ndi mawu apansipansi.

"Inunso si paja munabweleka la mkulu wanu?" Kwa nthawi yoyamba bamboyo anaseka, chiseko chomwe Linah ankachidziwa bwino kuchokera pakamwa pa munthu wina. "Ine ndine Ezron Zimba wa ku Mphamba, bambo wake wa Haswell."