Botolo la Mumzere wa Mbatata

Khasu linagunda chinthu cholira ngati mbale, aNangondo nalitaya pomwepo. Iwo ankangofuna kukumbira mbatata alendo otsalira pamaliro, koma mumzeremo munatuluka botolo lomatidwa ndi phula, m'kati muli pepala lopindapinda.

Sanalikhudze. Chokwiriridwa sachigwira ndi manja, ungadzuke mkono utauma. Analikankha ndi phesi, nakuwa.

Panali patapita masiku anayi chiikireni mwana wawo Solomoni. Mng'ono wake, Elisha, ndiye anayamba kufika, kenako Susana, mkazi wa malemuyo, duku lakuda lili kumutu.

"Ndinanena ine!" anatero Elisha. "Munthu wabwinobwino kungogwa panjinga popita ku Malomo? Alamu, izi ndi zanu. Tikameta mawa, mulongedze mubwerere kwanu ku Msakambewa."

ANangondo anayang'ana mpongozi wawoyo. Susana anali wachitengwa. Akachoka, adzukulu atatu achoka naye. Komanso mkazi wokwirira zinthu m'munda sagona naye mudzi umodzi.

"Si zanga, alamu," anatero Susana. "Ndi za achimwene anu. Alipo khumi ndi awiri, ena m'dimba, ena kuphiri."

"Khumi ndi awiri! Mayo ine!" anatero aNangondo, akutembenukira kwa Susana. "Amake Promise, anali a chiyani?"

Susana anakhala pamzere. Anati kale, Solomoni ali tenanti pa esiteti ya fodya, anatola mabuku achingelezi amene bwana anataya. Onse ankanena za anthu okwera makina opita kutsogolo kwa nthawi.

"Kutsogolo kwake kuti? Ku Ntchisi?"

"Ayi amayi, kuzaka zimene sizinafike. Munthu akwera lero, akatsika patapita zaka chikwi."

ANangondo anasendera pang'ono, botolo lija akulionera kumbali. "Nanga ulendo wotero amanyamula kamba wanji? Akafika, amamulonjera ndani?"

"Palibe. N'zomwe zinkawasautsa. Ankati munthuyo amapeza midzi itafafanizika, manda osadziwika pomwe anali, wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lake. Ankandifunsa kuti, ngati zidzathera pomwepo, tikuvutikiranji ndi khasu? Kenako anati makina sangawathe, koma botolo limayenda lokha ulendowo, likangogona pansi."

"Nthano!" anatero Elisha. "Tsegulani, tione chizimba chake."

"Elisha iwe, imirira uko, mphepo isakulozetse!" anakalipa aNangondo. Iwo okha sanasunthe. Ankafuna kumva.

Susana anakanganula phula ndi kamtengo, natambasula pepala. Elisha anasuzumira, ndipo nkhope yake inagwa: zilembo zopendekera zija ankazidziwa kuyambira ali kusukulu.

"Kwa inu amene simunabadwe," anawerenga Susana. "Pano panali mudzi. Tinkalima chimanga ndi fodya, tinkaseka kwambiri. Botolo lililonse ndaikamo munthu mmodzi. Muno muli amayi anga, aNangondo. Amaopa mphezi, minibasi, madzi a pachitsime cha eni, ndi mlendo womwetulira kwambiri. Anandiletsa kuloza utawaleza mpaka ndamera ndevu."

"Wamwano mwana ameneyu," anang'ung'udza aNangondo. "Pitirizani."

"Koma chaka cha njala, anzathu atadya zikhawo zakupha, ife sitinalawe, chifukwa amayi anaziopa. Tonse asanu tinakula. Mukakhala kuti muli ndi moyo kumeneko, dziwani kuti kumbuyo kwanu kunali wina wamantha chonchi."

Susana analekeza kuwerenga. Elisha anayang'ana kuphiri, kenako anafunsa motsitsa ngati nayenso ali ndi lake.

"Lili m'dimba, alamu. Malo ake onse ndikuwadziwa ndine."

"Ndiye wodziwa malo sachoka pamudzi," anatero aNangondo. "Wamva, Elisha?"

Anatambasula dzanja, nalandira pepalalo ndi zala ziwiri. Zilembo sankazidziwa, koma anaona kuti theka lam'munsi linali loyera.

"Apa inki inamuthera?"

Susana anawerama, nawerenga mzere womaliza. "Pansipa ndasiya malo. Amayi palibe chimawabisalira. Adzalifukula ndithu, ndipo adzafuna kukuchenjezani."

ANangondo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nakhala pansi bwinobwino, miyendo atawongola.

"Elisha, kabwereke cholembera. Amake Promise, muyambe ndi kuwachenjeza za galasi la botololi, angadzicheke nalo pofukula."