Bwato la pa Mtengo wa Masau

Ndine amene ndinapempha transifa yobwera ku Luangwa. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa azilamu anga mpaka lero amati boma ndilo linatitaya kutchire. Iyayi, boma musalinamizire. Kalata ndinalemba ndi dzanja langa katatu konse, mpaka a ku ofesi ya maphunziro anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Aphunzitsi anzanga akamva za Feira, dzina lakale la Luangwa, amalira, koma ine ndinavina.

Chinandithamangitsa ku Lusaka ndi chifuwa cha amuna anga, a Lovewell. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pamalo ophwanyira miyala, ndipo fumbi linawadya m'kati. Ku Kanyama kumene tinkakhala, utsi wa malasha, wa matayala ndi wa zinyalala sunkawapatsa mpata. Akayenda pang'ono chabe ankaima n'kugwira khoma, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Dokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mayi, mankhwala tikupatsani, koma munthuyu akufunika mpweya wina."

Tinafika ku Boma mu Ogasiti, ndipo nyumba ndinaifuna ndi mphuno. Ya pafupi ndi msika ndinaikana chifukwa cha utsi wa owamba nsomba. Ya m'mbali mwa msewu ndinaikana chifukwa cha fumbi. Kenaka ndinapeza ina kumunsi, ukadutsa kachigwa kouma, pamalo pamene pamawomba kamphepo kochokera kumtsinje. Makoma ake anali atangopakidwa penti yabuluu kuyambira pansi mpaka m'mawindo. Ine n'kumayamikira kuti mwini nyumba ndi munthu waukhondo. Ha, uchitsiru wanga!

Za madzi ndinafunsa, musandiyese wopusa kotheratu. Munthu wa ku Kanyama madzi amawadziwa, tinkawakapa ndi ndowa m'nyumba chaka ndi chaka. Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana ngalande, kenaka ndinafunsa mwini nyumba kuti, "Mvula ikagwa, madzi amaima pabwalo pano?"

"Kuno mvula ndi yochepa, madamu," anayankha choncho. Ndipo sananame. Mtsinje nawonso unali kutali, kuseri kwa mchenga woti uyende mpaka mapazi apse.

Chinthu chimodzi chokha chinandinyansa. Pakati pa bwalo lathu ndi la aneba panali mtengo wa masau, ndipo pamtengopo anamangirirapo bwato lakale ndi tcheni. Linkanunkha nsomba ndi phula. Linali la a Bernardo, msodzi wa nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lachitatu ndinapita kwa akazi awo, a Adelina, n'kuwauza kuti chibwatocho chichoke.

"Madamu, limenelo si lophera nsomba," anatero a Adelina. "Limakhala pamenepo chaka chonse. Ndi la nyumba zitatu za kumunsi kuno, yanu yomwe. Madzi akabwera ndilo limatiwolotsa pachigwa."

"Madzi ake ati? Mtsinje uli uko!"

"Kuno madzi sabwera ndi mvula, madamu. Amabwera dzuwa likuwala."

Ndinaseka, ndipo kuseka kwake kunali kwamwano. Ndinawauza kuti sindinathawe kununkha kwa ku Lusaka kuti ndidzanunkhize nsomba zowola pakhomo panga, kuti ndili ndi wodwala, ndi zina zambiri zimene sindingazibwereze pano. Pakamwa pangapa pakatseguka sipamva mabuleki. A Lovewell anatuluka n'kunena chapansipansi kuti, "Dainess, lisiye bwatolo. Ine silikundivuta." Ndinawayankha kuti chifuwa n'chawo koma wosagona tulo ndine. Patapita masiku awiri, a Bernardo ndi anzawo analikokera kumtsinje n'kukalisiya kwa mbale wawo kumudzi wakutali wa Kavalamanja. Pamtengo panangotsala tcheni.

Koma abale, miyezi yotsatirayo inali yokoma! Kutentha kwa mu Okutobala kunatiphika, koma a Lovewell anayamba kupuma ngati munthu. Kapampu kawo kopopera m'kamwa kankatha mlungu wonse kali pawindo osakhudzidwa. Analima kadimba ka tomato kuseri kwa nyumba. Analowa kwaya ya kutchalitchi, mawu awo oipa omwewo, n'kumandivutitsa nawo m'mawa uliwonse. Ndikawakalipira ankati, "A hedimisitiresi ayamba asembule." Tsiku lina anaseka mpaka misozi osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinalowa m'bafa n'kukalira ndekha chifukwa cha chimwemwe.

Linali Lachitatu, mu Febuluwale. Mvula inali itadula masiku asanu ndi anayi, chimanga cha anthu chitayamba kufota. Ndinali m'kalasi, kumtunda, nthawi ili cha m'ma teni, pamene a Adelina anatulukira pakhomo ali wefuwefu, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Chiyambire mkangano uja tinali tisanalankhulane.

"Madamu, madzi! Ine ndinali kumsika, ndalephera kuwoloka. Abambo ali kunyumba?"

Ndinathamanga osavala nsapato. Kumwamba kunali kuti mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Koma kachigwa kouma kaja kanali katasanduka mtsinje wofiira, ukukokolola mapesi, nkhuku ndi mitengo yathunthu. Anthu anali pamenepo anandifotokozera kuti mvula inagwa kutali kumtunda, mtsinje wa Luangwa n'kudzaza, ndipo atapeza Zambezi nayenso ali wodzaza, madzi anasowa kolowera n'kubwerera kwa ife. Ine zimenezo sindinkazimva n'komwe. Maso anga anali kutsidya.

A Lovewell anali ataima pamtengo wa masau uja, madzi ali m'chifuwa. Dzanja limodzi anagwira tcheni kuti asakokoloke. Dzanja linalo anagwirizira pamutu chikwama chapulasitiki. Ndinachizindikira ndili patali. Munali masatifiketi anga.

"Tayani zimenezo!" ndinakuwa. "Kapampu kali kuti?"

Sanandimve, madzi ankasokosera kwambiri. Ndinafuna kudziponya m'madzimo, koma a Adelina anandigwira m'chiuno ndi mphamvu za mwamuna. "Mufa nonse awiri! Madzi otere amabwera ndi ng'ona!" Ndinawamenya, ndinawatukwana, koma sanandisiye.

Bwato linasowa. A Bernardo anali atapita kukawedza kumunsi kwa Zambezi kuyambira m'mamawa, ndipo mabwato ena onse anali kumadimba kukapulumutsa azimayi ndi ana amene madzi anawatsekera. Palibe amene anathamangira kwathu, chifukwa aliyense ankadziwa kuti nyumba za kumunsi zili ndi bwato lawolawo. Tinatuma anthu uku ndi uku. Ine ndinangoima pamtunda n'kumaona mwamuna wanga akutsokomola, mutu ukugwa n'kudzukanso, chikwama chili pamutu. Bwato linafika itadutsa thu koloko. A Lovewell anakhala m'madzi maola anayi, pamalo pomwe pankakhala bwato lija.

Kuchipatala anayesetsa, sindingawanene. Anati chibayo chagwira mapapu amene anali otha kale. Tsiku lachitatu masana a Lovewell anatsegula maso n'kundikodola.

"Mapepala ako sananyowe?"

"Sananyowe," ndinatero. "Lovewell, bwato lija ndine ndina..."

"Iwe, leka." Anapuma kanthawi, chifuwa chikulira ngati kale ku Kanyama. "Miyezi isanu ndi umodzi ndapuma bwino. Ndinali nditaiwala mmene zimakomera." Dzuwa lisanalowe anatisiya.

Pamaliro a Adelina ndi amene anatunga madzi, kuphika, ndi kugona pambali panga masiku onse. Ndinkadikira kuti tsiku lina anena kuti, "Ndinakuuzani." Sananene. Bwenzi atanena, mwina mtima wanga ukanapepukako. Ndimadziimba mlandu tsiku lililonse, ndipo a Lovewell ndimawasowa kwambiri.

Madzi ataphwa anasiya mzere wamatope kuzungulira nyumba yonse, m'munsi pang'ono mwa mawindo, pomwe penti yabuluu ija inkalekezera. Mu Meyi mwini nyumba anabwera ndi chitini china cha penti. Ndinamulanda bulashi n'kuiponya kuchigwa. Ndinamuuza kuti nyumba ndi yake, koma mzerewo ukhala pomwepo kuti wobwera pambuyo panga adzauone ndi maso ake. Anandiyang'ana, anaona kuti sindikuseka, n'kunyamula chitini chake.

Ku Lusaka sindinabwerere. Panopa ndimakhala m'nyumba ya sukulu, m'mbali mwa msewu, m'fumbi lomwe lija ndinalikana. Chifuwa changa n'cholimba, sichimva kanthu.

Mwezi watha ndinapita kukaona a Adelina. Bwato lija a Bernardo analibweza, lili pamtengo wa masau, pa tcheni chomwe chija. Ndinakhala m'mphepete mwake nthawi yaitali, n'kumakoka mpweya ndi mphuno kuti ndimve kununkha kumene ndinakuchitira ukali. Kafungo ka nsomba kaliko, koma n'kochepa, mphepo ikawomba kamatha. A Lovewell ananena zoona. Silinkawavuta.