Minda ya Kuseri kwa Msika

Kampani ya thonje ku Katete itagula matabuleti, makina onga mafoni akuluakulu, alangizi ake onse anasanduka madokotala. Wina ati makinawa amapha maso, wina ati amaumitsa magazi m'zala. Dinnah, amene anapatsidwa ntchito yowaphunzitsa, ankangodabwa. Chovuta nchiyani? Ukafika pamunda wa mlimi udina batani lobiriwira, uzungulira mundawo wapansi, basi walembedwa pamapu. Bwana anagamula kuti wolephera pakutha pa mwezi ntchito yamuthera.

Aliyense ankamudziwa kale wopita: a Nikodemo, mdala wa njinga yakapalasa amene wakhala akuyendera alimi a ku Vubwi zaka makumi awiri. Tabuletiyo anakana ngakhale kuikhudza.

"Mwana wanga, ine minda ndimaidziwa ndi mapazi," anamuuza Dinnah. "Kagalasi aka kandiuza chiyani?"

Dinnah zinamukhudza, chifukwa anaona kuti mdalayo ali ndi mantha. Anawalondola mpaka ku Vubwi, nawagwira chala kuchiika pabatani.

"Mapaziwo ndi amene akufunika, bambo. Dinani apa, muiponye m'thumba, muyende monga mwa masiku onse."

"Basi?"

"Basi."

A Shadreck, mlangizi wa tayi, ndi anzawo sanafune thandizo la munthu. Ha, anthu ophunzira! Sabata imodzi yokha anali atalemba minda mazana atatu, nsapato zili waliwali.

Tsiku la msonkhano Dinnah anaonetsa mapu pakhoma, bwana ali pompo. Ku Vubwi kunaoneka minda makumi anayi ya a Nikodemo, yokhotakhota, ina yotsata mtsinje, ina yolambalala chulu. Ya a Shadreck ndi anzawo, mazana atatu onsewo, inaunjikana pamalo amodzi kuseri kwa msika wa Katete, uliwonse kukula kwake ngati tebulo.

"Apa ndi pamunda pa ndani?" anafunsa bwana.

Ndani sankadziwa kuti ndi pabala ya mowa pomwe alangizi akhala akudzazira mafomu zaka zonsezi? Batani anadinadi, kenako nkumazungulira tebulo, botolo lili kumanja.

A Nikodemo anasendera kukhoma, nayang'anitsitsa.

"Thonje lapamenepo liyenera kubereka, bwana," anatero mwaulemu. "Amalithirira tsiku lililonse."

Mwezi utatha, Dinnah analongedza matabuleti asanu amene a Shadreck ndi anzawo anasiya, nawaika m'katoni kudikira alangizi atsopano. Ya a Nikodemo inali ku Vubwi, m'thumba, ikuzungulira munda.