Seva ya ku Makata

Alinane anayamba ntchito pa kampani ina yopanga sopo ku Makata asanakwatiwe n'komwe. Iye ndiye ankasamala seva, kompyuta yaikulu imene inkalandira maoda a masitolo. Magetsi akathima, seva ija sinkadzuka yokha. Ankachita kumuimbira foni, iye n'kukwera minibasi kuchokera ku Bangwe kudzaidzutsa.

Kampani itagulidwa ndi anthu ena, a Fletcher, bwana wa mu ofesi, anamuuza kuti pulogalamu ya pa seva yakalamba, aikepo veshoni yatsopano. Akatero, eni atsopanowo azitha kuiyang'anira ali kwawo komweko. Polankhula, a Fletcher ankangoseweretsa makiyi a galimoto osamuyang'ana kumaso, ndipo Alinane anamva zimene sananene.

Anabwera Loweruka m'mawa, makina onse ali zii, m'makonde mukungonunkha mafuta ophikira sopo. Kukopera pulogalamu yatsopano sikunavute. Ntchito inagona pa masikiripiti, timafayilo ta malamulo timene seva imawerenga ikamayaka. Anatilemba yekha kalekale, mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake. Anasunga takale pambali n'kuyamba kusintha, apa dzina la foda, apo kuchuluka kwa memore. Atayesa kuyatsa, seva inakana. Anafufuza mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo anapeza kuti mzere wina unkalozabe ku foda yakale.

Pa nthawiyo n'kuti Phoebe atafika, mnzake amene ankagawira madalaivala maoda. Anabwera kudzayesa ngati zonse zikuyenda. Atamva nkhani yonse, anatseka chitseko.

"Achemwali, bwanji osasiyamo kamzere kamodzi kopotoka? Adziwa ndani? Ikamavuta azikufunanibe."

Alinane anaganiza za banja lake. Kunyumba kunali amuna ake, a Yona, amene sitiroko inawapha mbali imodzi, ndi ana awiri a sukulu. Kupotoza kamzereko ankakudziwa bwino, ndipo zala zake zinakhala pa kiyibodi nthawi yaitali. Koma anakumbukiranso madalaivala amene ankagona m'malole pageti seva ikafa, akudikira katundu ndi njala. Anakonza mzere uja. Kenako anakathimitsa dala magetsi a chipinda chonse n'kuwayatsanso. Seva inalira pang'ono, n'kudzuka yokha.

Lolemba a Fletcher anamuitana. Anamuthokoza kwambiri, anati eni ake akondwa, kenako anamuuza kuti ntchito yake itha mwezi ukatha. Zimenezo ankaziyembekezera. Chimene sankachidziwa ndi chakuti pulogalamu yatsopanoyo inkatumiza yokha maoda pa mafoni a madalaivala. Potuluka anakumana ndi Phoebe pakhomo, nayenso ataitanidwa.

Madzulo anapezana pa siteji. Phoebe anali ndi maso ofiira, ndipo anaima patali. Minibasi ya ku Limbe itabwera, malo analimo, koma anaisiya dala kuti asakwere ndi Alinane.

Ku Bangwe Alinane anafika mpopi wa m'dera lawo utauma. A Yona anali pa mpando pakhonde, pamene ana anawasiya. Anafunsa, mawu akutuluka movutikira, ngati ntchito ya Loweruka ija abwana aikonda.

"Aikonda," anatero Alinane.

Anawakonza kolala ya malaya, anawapukuta malovu pachibwano, kenako anatenga zigubu ziwiri n'kutsetsereka kukafunafuna madzi kumunsi.