Geti la Kunjanji

Tsiku limene bambo wozimitsa moto anabwera kudzayendera bwalo la Zitsulo Stars, anaima pa mbaula yanga n'kudya chimanga changa, choncho zimene ananena ndinazimva ndi makutu angawa. Ine ndine Winfrida. Ndawotcha chimanga ndi michopo, tinyama todula tija, pansi pa mipando ya matabwa ya bwalo limeneli kuyambira mwana wanga Melody ali kumsana, ndipo lero ali ku sekondale chifukwa cha mbaula yomweyo.

Bamboyo anapeza ndowa zofiira zosungira mchenga zili zopanda kanthu, poti mchengawo anyamata anakwirira nawo maenje a pagolo nthawi ya dzinja. Mbaula zathu anati zichoke pansi pa matabwa, tizikawotchera panja. Apo sindinatsutse, thabwa louma ndi moto sizinayambe zagwirizanapo. Koma chimene chinamukwiyitsa mpaka kusiya chimanga chili theka ndi geti la kunjanji.

Geti limenelo analiwotcherera kalekale. Akuti chaka china timu ya alendo inalowera pamenepo itawaza madzi a mankhwala, ndipo Zitsulo inagonja masewero onse a pakhomo. Akomiti anaitana wowotcherera zitsulo, basi, nkhani n'kutha. Kuyambira pamenepo tonse tinkalowera ndi kutulukira khomo limodzi lakumsika, mothithikana ngati mbuzi m'khola. Anthu a ku Nangongwe, amene getilo linali njira yawo yachidule, ankazungulira mpanda wonse osadandaula.

"Nanga moto ukabuka apa, aba bantu bazachokela kuti?" anafunsa bamboyo.

Sipanatenge nthawi, chindapusa chinagwa, ndi chenjezo loti bwalo lidzatsekedwa zinthu zikapanda kukonzedwa. Wapampando wa timu, ba Derrick, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, anatisonkhanitsa pakati pa bwalo, ife ogulitsa pamodzi ndi masapota.

"Ma mbaula ndiye yatiletela faini," anatero. "Kuyambila Saturday kulibe muzimai ogulisa mukati, olo pa geti ya kumsika."

Nkhani ya geti lowotchereralo anailumpha dala.

"Ba Chair, nanga geti ya kunjanji?" ndinafunsa.

"Imwe ba Winfrida, za bola muzibako chani?"

"Niziba kuti geti siimenya bola."

Ena anaseka, koma kuseka koyang'ana pansi. Chimanga changa amadya pangongole ya pakamwa, osewera akakomoka ndi njala amathamangira kwa ine, lero ndine ndapalamula? Mkati andithamangitsa, kumsika andiletsa, ndiye Melody ndimuuze kuti sukulu yatha chifukwa amuna akuluakulu akuopa chitseko?

Ndinapita kwa mlamu wanga Shadreck, amene amawotcherera mawindo kumafakitale. Iyenso ndi wa Zitsulo wamagazi, moti atamva zimene ndinkafuna anavula magalasi ake akuda n'kundiyang'ana ngati ndapenga.

"Mulamu, bazanipaya bantu."

"Iwe dula chabe. Pasogolo nizaimilila ndine."

Loweruka m'mawa, tsiku la masewero, tinakankha wilibala yonyamula galainda yodulira zitsulo ndi kajenereta m'kanjira ka m'mbali mwa njanji. Malo akunja kwa geti amenewo si a timu, ndinali nditafunsa kale. Mwa amayi onse amene anandilonjeza kuti abwera, anafika ndi Phyllis yekha, wa vitumbuwa. Sindinawadabwe.

Galainda itangolira, anthu anatulukira mbali zonse. Patsogolo panali Mabvuto, woimba ng'oma wa masapota, maso ali psuu.

"Amai imwe, mwatipaya! Lelo tili na game!"

Ndinaima pakati pa iye ndi Shadreck, manja m'chiuno, nthetche za moto zikundiwaula m'miyendo. Mantha ndinali nawo, ndisaname, koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Posakhalitsa ba Derrick anafika chakumkati, akupuma movutikira.

"Lekani! Nizaitana ma police!"

"Itanani, ba Chair. Naine nizaitana ba fire. Tione bazamanga ndani."

Shadreck anamaliza kudula, tinakankha tonse awiri, ndipo getilo linalira ndi dzimbiri mpaka kutseguka. Palibe mphezi inagwa. Ndinaika mbaula yanga panja, pa dothi, kutali ndi thabwa lililonse, n'kuyamba kukoleza makala amene kuno timati malasha.

Masana palibe analowera pamenepo. Anthu ankafika, kuyang'ana, kulavula, n'kuzungulira mpanda monga mwa masiku onse. Mpira ndinaumvera ndili panja, ndikupempha Mulungu kuti anyamata aja achinye ngakhale chigoli cha mwangozi. Koma kutatsala pang'ono kuti masewero athe, bwalo lonse linangoti zii, ndipo ng'oma ya Mabvuto inaleka. Alendo anali atachinya.

"Winfrida, tiye tithabe," ananong'ona Phyllis, akumanga kale beseni lake.

"Thaba iwe. Ine vimanga vikalibe kupsa."

Wezulo itangolira, khomo lakumsika linadzaza monga mwa chizolowezi, ndipo akumbuyo, otopa ndi okwiya, anayamba kusuzumira kunjanji. Woyamba kufika anali Mabvuto yemwe uja, ng'oma ili pamsana. Anaima pakhomopo ngati akuopa kuwoloka mtsinje. Akumbuyo anamukankha, anadutsa, ndipo Nangongwe yonse inakhuthukira pambuyo pake. Ankanditukwana podutsa. Wina anati ndine mfiti, wina anati ndagulidwa ndi alendo.

"Mwaona manje?" anatero Mabvuto ataima pa mbaula. "Geti yanu yatidyesa."

"Inavala namba chani geti?"

Maso ake anatsikira pa moto. Munthu anali ataimba ng'oma kuyambira m'mawa wopanda kanthu m'mimba.

"Nipaseni icho," anatero. "Osati icho, chija chopsa bwino."

Ba Derrick anabwera pomaliza. Anaima chakumkati, nsapato zake zitalekeza pomwe panali msoko wa chitsulo, osafuna kuponda panja.

"Monday tizaivalanso," anatero.

"Muzanipeza pamene pano, ba Chair. Bana banu nabo bamankala pa matabwa paja. Mukaivala, naine nizabwela na Shadreck."

Sindinadikire yankho lake. Ndinauza Phyllis amasule beseni lake, ine n'kuthira malasha ena pa mbaula, poti mzere wa anthu onditukwana unali utafika kunjanji.