Mphete ya ku Joni

"Vulani, alamu, a Salehe aione bwino," anatero Patrick.

Fainala analimbana nayo mpheteyo. Chala chinali chitatupa ndi ntchito yosoka fodya, koma kunena zoona mtima ndiwo unkakana. Panali patangopita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Dominic, ndipo mphepo inkamuzizirabe m'mutu mometamo. Patrick, mng'ono wa malemuyo, anali atalengeza kale mudzi wonse kuti chiliza cha akulu ake chidzakhala cha matailosi, chogulidwa ndi dayamondi amene Dominic anabwera naye kuchokera ku Joni. Munthu wake anali wotero, woitana anthu kuphwando mbuzi asanaigwire.

Chimene Patrick sankadziwa, Fainala anakhala nacho zaka zisanu ndi zitatu. Mwala woyamba unali ndi kadontho kakuda mkati, kochepa ngati mbewu ya fodya. Chaka cha njala chija Dominic anatenga mpheteyo ati akaitsukitse ku Lilongwe, ndipo pobwerako kadonthoko panalibe. Fainala sanafunse. Ankaopa yankho, poti cha mkazi chikasowa m'nyumba kawirikawiri chimakapezeka kwa mkazi wina. Tsopano woti n'kumufunsa anali m'manda, ndipo funsolo linkamutsata paliponse. Akalowa m'chigafa masanasana, masamba ouma akangoti tswa, ankacheuka kuyesa ndi Dominic wabwera kudzaulula.

A Salehe, eni sitolo yaikulu pa Nkhamenya, sanaiyang'ane nthawi yaitali. Anaiika pa kauntala mwaulemu.

"Ndi dayamondi ndithu, koma wopanga m'fakitale, osati wokumba pansi. Kuwala n'chimodzimodzi, kulimba n'chimodzimodzi. Koma mukati mugulitse, ogula amangokusekani. Mwina mupezapo kambuzi, nakonso chifukwa cha golideyu."

"Bodza!" Patrick anamenya kauntala. "Kungoyang'ana kamodzi basi mwadziwa?"

"Sindikusowa kuyang'ana kawiri, achimwene. Amene anaperekeza akulu anu kokasinthitsa ndine."

Fainala anayedzamira matumba a feteleza amene anali pambali.

"Nanga weniweniyo anapatsa ndani?" anafunsa. "Nenani, bambo. Ndaika mwamuna sabata ino, ichi sichingandiphe."

"Anapatsa ndani? Amayi, matenanti anu aja a ku Mulanje, mabanja asanu ndi limodzi, ankadya chiyani chaka chimenecho? Fodya anapsa ndi dzuwa. Eni minda ena anathamangitsa anthu awo opanda ndi ya basi yomwe. Chimanga chimene chinkatsika pakhomo panu munkayesa chikuchokera kuti?"

"Anandiuza kuti ndi thandizo la kutchalitchi."

"Unali mwala wanu uja. Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa. Ankati, 'Ndamubera mkazi wanga, Salehe. Ndidzamuombolera fodya akadzachita bwino.' Fodya wake uti?"

Patrick anatsonya.

"Kudyetsa alendo, iwe mwini n'kukagona pansi pa mulu wadothi! Tengani galasi lanulo, alamu," anatero, natuluka kukafunsa mtengo wa simenti.

Fainala sanakuwe ngati pamaliro paja. Misozi inkangotsika yokha, ndipo inali ya manyazi. Zaka zonsezo ankamuikira munthu madzi osamba uku akumuweruza mumtima, akuyang'ana zala za akazi pamsika ndi kumsonkhano wa kwaya. Tsopano panalibe woti n'kumupepesa.

Pobwezera mpheteyo pachala ndi pamene chinthu china chinamubwerera. Chichokereni chaka chija, Dominic akamugwira dzanja, kaya m'tchalitchi kaya mu minibasi, chala chake chachikulu chinkazungulitsa mpheteyo mwakachetechete mpaka mwala utabisala m'chikhatho. Fainala ankayesa n'chizolowezi chabe cha munthu wosakhazika manja. Ngakhale kuchipatala, tsiku lomaliza lija, kulankhula kutatha, Dominic anafufuza dzanja lake pabulangeti nayesanso kuizungulitsa. Inangoyenda theka.