Msuzi wa ndere pa tsiku la mayeso

Loweruka lija Nagyeong anadzutsidwa ndi fungo la msuzi wa ndere za m'nyanja, uja timamwa pa tsiku lobadwa. Linalidi tsiku lake lobadwa, koma eeh, linalinso tsiku la mayeso olowera hagwon ya masamu ku Daechi, sukulu zolipira zija timakaunjikanako tikaweruka. Akakhoza ndiye kuti Loweruka lililonse lapita, ku timu ya volebo amuchotsa. Pomwe mtsikanayu volebo ndiye moyo wake kkkk.

Bambo ake anali kukhitchini akuimba likhweru. Mayi ake kutulukira, kununkhiza kamodzi kokha, moto buu!

"Bambo a Nagyeong, mwapenga?! Ndere pa tsiku la mayeso? Zinthu zoterera, mukufuna mwanayu alephere?"

"Ine ndaphikira mwana wanga wobadwa lero. Zamayesozo n'zanu."

"Mwachita dala inu!"

"Dala kumene! Mwana akumagona choimirira m'basi chifukwa cha mahagwon anuwo. Mukulera munthu kapena kakyuleta?"

"Ana a anzathu ali pa masamu a ku yunivesite, wanu azingomenya mpira? Ntchito mudzamulemba ndinu?"

"Ana a anzanuwo nkhope zili ngati kimchi, kabichi wosasa uja, wa chaka chatha!"

Mkangano unafika mpaka potchulana apongozi kkkk, za Nagyeong onse anaiwala. Iye anayang'ana chikwama cha mabuku, n'kuyang'ana mbale ya msuzi. Basi anainyamula n'kumwa osapuma, ndere zonse kumeza, mbale mbee!

Mayi ake anatenga maswiti onata aja timapatsidwa kuti mayeso asatipulumuke, n'kuwagenda nawo bambowo pamphumi, phaa! Ndiye anagwira foni n'kuimba ku hagwon kuja.

"Pepani aphunzitsi, mwana wadwala m'mimba, lero salemba. Mayeso ena alipo liti? Teremu ya mawa?! Ayi chabwino."

Atadula anamuloza chala Nagyeong. "Iwe usandisekerere. Mwana wanga salemba mayeso ndere zili m'mimba, ndalolera kudikira. Ndipo inu bambo, kukhitchini kwanga musadzapondemonso."

"Nanga mwanayu lero apite kuti?" bambo kufunsa akusisita chotupa.

"Apite kumene mukufunako, nonse mundichoke pamaso!"

Sanamalize n'komwe, Nagyeong anali kale mu lifiti yotsikira pansi pa nyumba yosanjayo, nsapato za volebo m'manja, akugeya ndere kkkkk.